Tabowola Nyumba Yanu, Bambo

Knox County, Ohio
Novembala

Bambo anga okondedwa,

Landirani moni m'dzina la Ambuye amene amatisunga ngakhale pamene njira zake sitikuzimvetsa. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi amayi, kumeneko ku Wisconsin. Mawondo a amayi akuti bwanji ndi kuzizira kwayambaku? Nanga chifuwa chanu chija chinatha? Pamaliro paja munkatsokomola kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti mankhwala simumwa pokhapokha amayi atakuimirirani pamutu.

Ife kuno tilipo. Mdzukulu wanu Saloma wachoka mano awiri akutsogolo, akulankhula ngati nkhalamba. Chimanga tinadula, koma china chikadali m'munda chifukwa manja achepa. Ng'ombe yofiira ija munatisiyira posamuka yabereka thole. Chipale chofewa sichinagwe, koma m'mawa madzi a m'khola akumaundana pamwamba.

Bambo, ndazungulira mokwanira.

Mutabwera kudzaika mdzukulu wanu Iva, munalowa m'nyumba muno nkupeza makoma obowokabowoka, mawaya akulendewera. Ndinakuonani mutaima m'khitchini, chipewa chili m'manja, mukuyang'ana mtanda waukulu wonyamula nyumba uja. Munapisa chala m'bowo, kenako munatuluka kupita kukhola. Simunafunse kanthu. Zimene mukudziwa munamva kwa anthu. Lero ndikufuna mumve kwa ine, popeza nyumbayi munamanga ndinu, ndipo ine ndinabadwira momwemu.

Mukudziwa kuti Iva anabadwa wofooka. Khosi silinkalimba, timiyendo tinkangoti lende ngati nsalu yonyowa. Koma maso ake anali amoyo kuposa a tonsefe. Bambo ake, a Mahlon, akalowa kuchokera kokama, iye ankawatsatira ndi maso kuyambira pakhomo mpaka amunyamule. Akachedwa kusamba m'manja ankakwinya nkhope ngati inu mukaona mlimi akumangirira hatchi molakwika.

Nyengo yozizira ikupita kumapeto anadwala chimfine wamba, chomwe Saloma anachira osagona n'komwe. Koma Iva analibe mphamvu zotsokomolera. Tinaitana dalaivala kutitengera kuchipatala chachikulu cha mumzinda. Kumeneko anamubowola pakhosi nkuikapo kapaipi, ndipo kuyambira tsiku limenelo makina ndiwo ankamupumira.

Dokotala wake anali mayi wabwino, wolankhula pang'onopang'ono. Anatiuza kuti ana otere ena amakhala zaka ndithu kwawo, akuseka, akuphunzira, bola makinawo asazime usana ndi usiku. Kenako anafunsa ngati kwathu kuli magetsi. Anafunsa akuyang'ana chipewa cha a Mahlon ndi duku langa, yankho akulidziwa kale, poti mpingo wathu sulola magetsi m'nyumba. Anati kunyumba yopanda magetsi odalirika sangamutulutse.

Choncho mwana wathu anakhala wa chipatala. Ine ndinkagona pampando pambali pake masiku angapo, nkubwerera kudzaona Saloma, nkupitanso. Iva ankangoona denga loyera ndi anthu ovala zophimba kumaso. Ndikamauka kuti ndizipita ankanditsatira ndi maso aja mpaka chitseko chitatsekeka.

A Mahlon anakaonana ndi abishopu athu, a Crist Mast. Musamve zoti anatikalipira, chifukwa sanatero. Anabwera okha pangolo yawo nkukhala nafe pakhonde. Anati mpingo ulola kuti tiike injini ya dizilo m'kanyumba kakuseri, ngati yoziziritsira mkaka ija, kuti izidzaza mabatire. Tinasangalala. Koma namwino wochokera kuchipatala atabwera kudzaona, anapukusa mutu. Anati injini n'njabwino ngati yodikirira magetsi akazima, osati yodalira. Anati injini imakana kulira m'mawa wozizira, ndipo mwana sangadikire kuti bambo ake akaikonze.

Abishopu anabweranso ndi maganizo ena. Anati kuli banja lina la Amenonaiti kutauni, anthu opemphera, a magetsi m'nyumba, amene avomera kumusunga Iva, ife nkumakamuona Lamlungu limene mpingo wathu sukumana. A Mahlon anaimirira. Kenako anati mwana wawo si thole loti akalisungitse m'khola la anansi chifukwa kwawo udzu watha.

Abishopu sanakwiye. Analoza kuphiri kumene kuli manda nkunena kuti ana awo awiri agona kumeneko, matenda omwewa, ndipo anawagwira m'manja mwawo mpaka mpweya womaliza. Anati, "Mahlon, usaganize kuti sindikudziwa. Koma waya ukalowa m'nyumba imodzi sutulukanso. Umangofunafuna nyumba yachiwiri." Ankanena izi misozi ikutsikira m'ndevu. Ndikanakonda akanakhala munthu woipa, bambo. Zikanapepuka.

Anthu kuno akuti a Mahlon anauma mutu okha, ine ndinangotsatira ngati mkazi womvera. Si zoona. Tinagwirizana tonse awiri tili kumbuyo kwa galimoto pochokera kuchipatala, tikunong'onezana m'chilankhulo chathu kuti dalaivala asamve. Woyamba kutchula mawu akuti magetsi ndinali ine.

Amene tinamupempha ntchito ndi Duane Kosar, Mngelezi, monga timatchulira akunja kwa mpingo wathu, wonenepa uja amagula mazira kwa ife. Ntchito yake ndi yomweyo. Atamva za Iva anati azibwera akaweruka ndiponso Loweruka, ndipo tizingomudyetsa. Kunena zoona amadya ngati anyamata atatu opuntha tirigu.

Tsiku loyamba anayenda chipinda ndi chipinda akugogoda makoma ndi chibakera, khutu atatsamiza. Atamaliza anandiyang'ana nkufunsa ngati bambo anga ankamanga nyumba kapena ndende. Anati nyumba za masiku ano m'kati mwa khoma muli mphepo yokha, waya umangotsetsereka, ndipo munthu wokwiya akhoza kubowola ndi chigongono. Koma iyi matabwa athundu awiriawiri, pulasitala wosakaniza ndi ubweya wa hatchi, mopanda ndi poti mbewa n'kupita. Anati, "Lovina, munthu ameneyu ankaopa chiyani? Nkhondo?" Ndinamuyankha kuti munkaopa mphepo ya mu Januwale ndi ulesi basi.

Sitinafune magetsi nyumba yonse. Tinangofuna chipinda chaching'ono chapansi chija, chimene agogo anamwaliriramo, chifukwa chili ndi windo loyang'ana kukhola ndipo Iva akanamaona ng'ombe zikulowa. Koma bokosi la magetsi linayenera kukhala m'chipinda chosungiramo mbatata kunsi kwa nyumba, ndipo njira yochoka kumeneko kufika kwa Iva inali imodzi yokha: kudzera m'khoma la khitchini la kumpoto ndi mumtanda wanu uja.

Zobowolera za Duane zinkapsa mpaka kufuka utsi. Mtandawo anaupatsa dzina loti apongozi. Akatopa ankakhala pansi, thukuta lili kamukamu, nkuitana kuti, "Mahlon, bwera udzalankhule ndi apongozi akowa, ine andikana." A Mahlon, amene anali asanasekepo chiyambire nyengo yozizira, tsiku limenelo anaseka mpaka kutsamira khoma. Ndinamukonda Duane chifukwa cha zimenezo.

Koma itafika nthawi yobowola zenizeni, a Mahlon sanalole kuti abowole ndi Duane. Anati ngati mtanda wa apongozi awo ukulasidwa, aulase okha, kuti podzayankha asadzaloze munthu wina. Anatenga chobowolera chamanja chanu chakale chija, nkundifunsa kaye ngati ndikuvomera. Ndinavomera. Anapotokola pafupifupi masana onse. Utuchi wake unkanunkhira ngati mtengo wodulidwa dzulo, ndipo ndinakumbukira mmene munkafotokozera kuti munaukoka kuchokera kudambo ndi mahatchi anayi, inu ndi amalume a Enos, amayi ali ndi pakati pa ine. Ndinasesa utuchiwo ndikulira, Duane nkunamizira kuti waiwala chinachake m'galimoto.

Khoma la kumpoto tinachita kuligumula kuyambira pansi mpaka pamwamba. Fumbi linalowa mpaka m'buledi.

Inu mukudziwa mmene zimakhalira kuno munthu akamamanga ngakhale kachimbudzi. Ngolo zimadzaza pabwalo, azimayi amabwera ndi miphika. Pa ntchito iyi sipanabwere munthu. Ngolo zikamadutsa pamsewu nkuona galimoto ya Duane, anthu ankayang'ana makutu a hatchi. Komatu tsiku lina tikuchokera kuchipatala tinapeza udzu wathu wonse wa ng'ombe utadulidwa, wouma, woikidwa bwinobwino pamwamba m'khola. Mpaka lero palibe wanena kuti anali ndani. Anthu athu ndi otero. Sakutida. Nchifukwa chake zikupweteka chonchi.

Mkulu woyendera ntchito za magetsi atabwera koyamba anakana. Anati pamene taika bokosi pamachita chinyezi, lisunthe. Duane anatukwana mawu amene sindingalembe, kenako anapepesa kwa ine, kwa Saloma, ndi kwa ng'ombe zomwe. Anazula zonse nkuyambiranso. Ulendo wachiwiri mkulu uja anavomera, ndipo tinaganiza kuti zatha. Ndinachapa makatani a chipinda cha Iva. Saloma anajambula nkhuku papepala nkumata pakhoma pamene bedi lidzakhale.

Kunatsala kukoka waya kuchokera kumsewu waukulu. A kampani ya magetsi anati njira yachidule ndi yodutsa pangodya ya busa la a Ura, akulu awo a Mahlon, polo limodzi lokha. Ankangofuna chilolezo chawo.

A Ura anabwera okha kudzayankha. Sanalowe m'nyumba, anaima pachipata cha khola. Anati sanagone mlungu wonse. Anati akalola polo pamunda pawo ndiye kuti nawonso agwira nawo waya, ndipo ali ndi ana asanu ndi awiri amene akuyang'ana zochita za bambo awo. A Mahlon anati, "Achimwene, ndi dzenje limodzi. Ng'ombe zanu zizidzakandirapo msana." A Ura anayankha kuti, "Ndipemphe china chilichonse, mng'ono wanga. Tenga mahatchi, tenga munda wonsewo ulime. Ichi chokha ayi." A Mahlon anati mahatchi sapumira mwana. A Ura anabwerera wapansi, ataiwala kuti anabwera pangolo, mpaka mkazi wawo anachita kudzaitenga madzulo.

Choncho waya unayenera kuzungulira ndi msewu wa fumbi, mapolo ambirimbiri. A kampani anati atiika pamndandanda, tidikire. Duane ankawaimbira foni mpaka anayamba kumuzindikira mawu. Chilimwe chinapita tikudikira. Kuchipatala anandiphunzitsa kuyeretsa kapaipi ka pakhosi, kusintha machubu, kumva kulira kulikonse kwa makinawo ndi tanthauzo lake. Namwino anati ndakhoza kuposa ophunzira awo. Ndinali wokonzeka, chipinda chinali chokonzeka.

Mu Seputembala Iva anagwidwa ndi chibayo. Anati n'cha m'chipatala momwemo, chimene chimagwira ana okhalitsamo. Sindikuloza chala munthu. Koma mtima wanga umandiuza kuti akanakhala kwathu, pawindo lija, sichikanamupeza.

Linali tsiku lowala bwino. Ine ndinali naye. A Mahlon anali kuno, akukumba ngalande yodzagonekamo waya kuchokera kuchipata kufika panyumba. Dokotala ataona kuti zavuta anaimbira Duane, ndipo Duane anasiya ntchito ya anthu ena pakati, kudzawatenga m'ngalandemo. Akuti anathamangitsa galimoto moti a Mahlon anangotsinzina. Koma mzinda uli kutali.

A Mahlon anafika nsapato zili matope, Iva atatisiya, ine nditamusambitsa kale nkumuveka diresi loyera. Makina anali atazimitsidwa, ndipo chipinda chinali zii, koyamba chiyambire. Anaima pafupi ndi bedi nthawi yaitali. Kenako anawerama nkumuuza mwanayo, ngati akumupepesa chifukwa chochedwa kumunyamula, kuti, "Kunangotsala mapolo, Iva."

Za maliro munaona nokha. Anthu onse anabwera, ngakhale aja oyang'ana makutu a hatchi. Mwina simunadziwe kuti manda anakumba ndi a Ura okha. Anyamata atafuna kuwalandira fosholo anawathamangitsa.

Inu ndi amayi mutakwera basi, abishopu anabwera. Analankhula mofatsa. Anati Mulungu waweruza yekha nkhaniyi, ife tisaonjezepo. Anati mawaya ali m'khoma ndi akufa, palibe cholumikizika, ndipo mpingo sutikakamiza kugumulanso nyumba. Tingomata makoma, tiuze a kampani kuti asabwere, a Mahlon anene mawu ochepa pamaso pa mpingo atakhala pampando, osagwada n'komwe, nkhani ithe. Anali okoma mtima, bambo. Anatsegula chitseko mpaka kumapeto.

Mlungu wotsatira magalimoto a kampani anafika, mapolo atasenza. Ndinali pa chingwe ndikuyanika zovala. A Mahlon anatuluka m'khola nkuyenda kupita kumsewu, ine nkumati akukawabweza. Ndinawaona akulankhula ndi kapitawo. Kenako ndinawaona akuyenda patsogolo pake, akumulozera pamene polo lomaliza liime.

Anthu akuti chisoni chawasokoneza mutu. Ena akuti akufuna kukhaulitsa a Ura, kuti aziona mapolowo tsiku lililonse. Onsewo sakudziwa chimene ine ndi a Mahlon tinkadziwa, chimene ndikukuuzani tsopano inu woyamba pa abale anga, ngakhale kuti nkhani zotere mwana wamkazi amauza mayi ake.

Ndili ndi pakati, bambo. Ndikuyembekezera mu Febuluwale.

Dokotala uja anatiuza kalekale kuti matendawa ali m'magazi a tonse awiri, ine ndi a Mahlon, ndipo mwana aliyense amene tingabereke ali ngati kutola nyemba m'thumba la nyemba zinayi, imodzi yakuda. Saloma anatola yoyera. Iva anatola yakuda. Anthu anganene kuti zitatu n'zambiri kuposa imodzi. Koma ine ndanyamulapo awiri, ndipo ndikudziwa kusiyana kwake. Saloma ankandiponda m'mimba moti ndinkataya mkaka pokama. Iva ankangogwedezeka pang'ono ngati nsomba ya m'madzi ozizira. Uyu nayenso ndi wofatsa choncho. Ndimakhala pansi masana, ndagwira mimba, kudikira kuti andiponde ngakhale kamodzi mwamphamvu. Sanatero.

A Mahlon anandiuza kuti wina anadikira mapolo mpaka kufa, uyu sadzadikira. Adzapeza nyumba itamudikira iyeyo.

Tsiku loyatsa Duane anabwera atavala malaya oyera, zomwe ndinali ndisanaonepo. Anatsikira kubokosi, anakweranso, nkulowa m'chipinda cha Iva. Anafunsa ngati wina wa ife akufuna kukhudza swichi. Tonse tinamusiyira, ndiye anadina yekha. Babu linayaka masanasana, dzuwa lili pawindo, moti kuwala kwake sikunkaoneka n'komwe. Linangounikira bedi lopanda munthu. Duane, munthu wosasowa nthabwala uja, anavula kapusi yake nkuipinda m'manja. Saloma ndiye anati, "Amayi, zimitsani, Iva kulibe." Tinazimitsa.

Chiyambire pamenepo sitinayatsenso. Timagwiritsabe nyali za palafini ngati kale. Wowerenga mita anabwera nkufunsa ngati yawonongeka, poti sinasunthe. Magetsi ali m'khoma, ali chete, akudikira ngati mmene ife tikudikirira.

Dikoni anabwera kawiri. Abishopu anabwera komaliza, ndipo a Mahlon anawauza chifukwa chake. Abishopu anabisa nkhope m'manja. Kenako anati sangaletse mpingo wonse chinthu nkuloleza munthu mmodzi chifukwa cha mwana amene sanabadwe, amene mwina adzakhala bwinobwino. Anati tidalire Mulungu. A Mahlon anayankha kuti amadalira Mulungu, koma udzu wa ng'ombe amadulabe chilimwe. Anatinso agwada pa tchimo lililonse limene abishopu angatchule, kunyada, mkwiyo pa mkulu wawo, chilichonse, koma sangaime pamaso pa anthu nkunena kuti kufuna kubweretsa Iva kwawo kunali kulakwa, chifukwa akatero anama m'nyumba ya Mulungu.

Lamlungu la mgonero lapitali anawachotsa mumpingo. Anthu onse anavomera, mmodzimmodzi, monga mwa mwambo. Ine nditafunsidwa sindinatulutse mawu, ndipo dikoni anangodutsa ngati ndayankha. Amayi awo a Mahlon anachita kuwanyamula potuluka.

Mukudziwa chimene chimatsatira: wochotsedwa sitidya naye tebulo limodzi, sitipatsana naye kanthu pamanja. Madzulo ake a Mahlon okha anakatenga katebulo kakang'ono kosokera kaja nkukaika pafupi ndi khoma logumuka, kotalikirana pang'ono ndi tebulo lathu. Anati sakufuna kuti ine ndilowe m'mavuto. Ndinkaika chakudya chawo pamenepo iwo asanalowe, kuti chisachoke m'manja mwanga kupita m'manja mwawo. Anasamukira kuchipinda chapamwamba. Akafuna kundipatsa kanthu, ngakhale lumo, ankaika pansi kuti nditole. Saloma anafunsa ngati bambo ake ali ndi matenda opatsirana. Ndinati ayi. Anafunsa kuti nanga alakwa chiyani. Ndinangomutuma kukatunga madzi.

Ku golosale ya a Hershberger sangawagulitse kanthu pamanja. Oti tipunthe nawo chimanga palibe. Munthu amene ankaimba patsogolo pa mapemphero tsopano amalankhula ndi ng'ombe ndi Duane basi.

Ndinapirira milungu ingapo. Ndinkawaona akudya atatembenukira kukhoma lotseguka lija, mphepo ikuwomba pamsana pawo kudzera m'matabwa, supu ikuzizira asanaimalize. Ndinkapemphera kuti Mulungu andionetse tchimo lawo kuti ndithe kuwapewa ndi mtima umodzi. Sanandionetse. Dzana ndinanyamula mbale yanga nkukakhala pa katebulo kaja. Anandiuza kuti, "Lovina, bwerera, Saloma akuona." Ndinati aone. Ndinanyema buledi nkuwapatsa m'manja, ndipo ndinadikira mpaka iwonso atandipatsa batala m'manja mwanga. Saloma anakoka mpando wake nkubwera. Katebuloko nkochepa, zigongono zinkagundana.

Sindibisa. Dikoni akafunsa ndidzanena, ndipo Saloma ndi mwana, akanena kusukulu ngakhale osafunsidwa. Ndiye ndikulemba mofulumira, pamene ndikadali mlongo wanu mumpingo, kuti muwerenge kalatayi popanda mlandu. Ikamakufikani mwina zidzakhala zitasintha.

Sindikudziwa kumene tikupita, bambo. Ku Angelezi sitingakwaneko. A Mahlon sadziwa moyo wina koma wa mahatchi ndi nthaka iyi, ndipo ine ndikaganiza zovula duku ndimamva ngati ndikuvula khungu. Duane akuti kuli mipingo ina yololera, tikhoza kusamukira. Koma kumeneko kulibe inu, kulibe amayi, ndipo Iva wagona paphiri apa. Tikachotsa mawaya, a Mahlon adzakhala atanama, ndipo mwana akabadwa wodwala tidzayambiranso kudikira mapolo. Tikawasiya, tataya anthu athu onse, mwina chifukwa cha mwana amene adzathamange bwinobwino osafuna makina, kapena amene makinawo sadzamupulumutsa. Ndatembenuza nkhaniyi mbali zonse ngati mkate pamoto. Mbali zonse zapsa.

Sindikukupemphani kuti munene kuti tachita bwino. Ndikudziwa chimene munalonjeza mutagwada pa ubatizo wanu, ndipo sindinakuonenipo mukubweza mawu. Ndikupempha zinthu ziwiri zokha.

Choyamba ndi khoma. Likadali lotseguka, ndipo chipale chofewa chili pafupi. A Mahlon anayesa kumata, pulasitala anagwa yense m'mawa mwake. Duane anabwera ndi zimatabwa zoyera za kusitolo zongokhomera, koma a Mahlon anakana, akuti nyumba ya apongozi awo sangaivale chigamba cha pepala. Palibe kuno amene angabwere, ndipo palibe amene amadziwa kusakaniza kwanu kuja. Bwerani mudzatseke khoma lanu, bambo. Simudzakhudza waya, Duane adzauphimba musanafike. Simudzadya nafe tebulo limodzi. Ndidzakuyalirani lalikulu lija nokha. A Mahlon akuti adzakhala kukhola nthawi yonse imene mudzagwire ntchito, ngati mungafune choncho. Koma ine ndikudziwa kuti mutangowauza kuti akupatsireni ndowa, ngakhale kuika pansi kuti mutole, angakhale ndi mphamvu zofikira chaka chamawa.

Chachiwiri ndi amayi. Mzamba wathu, a Drusilla, anandiuza akulira kuti amuna awo sadzawalola kulowa m'nyumba ya magetsi. Ndidzaberekera kuchipatala, pakati pa alendo. Aloleni amayi abwere mu Febuluwale. Ndikudziwa kuti ndikadzachotsedwa sadzatha kulandira kanthu kuchokera m'manja mwanga, ngakhale mdzukulu wawo. Ndaganizira kale zimenezo. Ndidzamugoneka pabedi nkubwerera m'mbuyo, iwo adzamunyamule pamenepo. Ndikungofuna kuti pakhale munthu wa magazi anga amene adzamugwire miyendo nkundiuza zoona, ngati ikukankha kapena ayi. Kwa dokotala ndidzamva, koma ndikufuna ndimve kaye kwa amayi.

Mukaona kuti simungathe, musavutike ndi kulemba zifukwa. Ndikuzidziwa zonse, munandiphunzitsa ndinu. Khirisimasi ikadutsa popanda yankho ndidzamvetsa, ndipo sindidzakusungirani kanthu mumtima.

Za pakatipa muwauze amayi ndinu, atakhala pansi. Mundiperekere moni kwa achemwali a Malinda ndi ana awo, kwa amalume a Enos, ndi kwa azakhali a Verena, muwauze kuti mbewu za maungu zija zinabereka. Saloma akuti agogo abwere adzaone pamene panali mano. A Mahlon akupereka moni wawo, akuti ngati ungalandiridwe. Ngati sungalandiridwe, akuti muusiye pakhomo, sadzadandaula.

Mulungu akusungeni inu ndi amayi, akupatseni nyengo yozizira yofatsa. Mutipempherere, ngakhale mukhale osadziwa chotipempherera. Ifenso sitikudziwa.

Ndine mwana wanu,
Lovina Keim